Mkamwini Wofuna Pamiti

Felesita ankatsitsa matumba a simenti mulole pamene bwana Kessler, mwini sitolo, anamuitana. Bwanayo anali wochokera kunja, ndipo pamiti yawo yogwirira ntchito m'Malawi inali pafupi kutha.

"Ndikukwatira, ukwati wa papepala chabe, kuti a Imigireshoni asandithamangitse. Ukakana, ntchito yatha."

"Ndingakane bwanji, bwana?" anatero Felesita. "Kungoti kwathu ku Dedza mkamwini amayamba walima kaye munda wa apongozi. Apo ayi, ankhoswe savomereza."

Bwana anapita kumudziko ndipo anapatsidwa khasu. Analima munda wonse mpaka m'manja munatuluka matuza. Atamaliza, apongozi anawaonetsa dimba. Dimba litatha, kunapezeka kuti khola la mbuzi likudontha.

Pamapeto pake anakagwada pamaso pa amalume ake a Felesita.

"Mwalima bwino, achimwene," anatero amalumewo. "Koma mwanayu ali kale pabanja. Mwamuna wake ali ku Joni, nayenso akuvutika ndi za mapamiti zomwezi."

Pamiti ya bwana inali itathera kudimba. Sitolo anaigulitsa mothamanga, ndipo Felesita anapitiriza ntchito kwa mwini watsopano. Bwana anakwera ndege manja ali m'mabandeji, chimanga chomwe analima chikudyedwa ku Dedza.