Nguluwe ndi Timatumba Take ta Tiyi

Kalekale, tiyi asanalowe m'sitolo, kunsi kwa phiri kunali munda waukulu wa tiyi, mwini wake Nguluwe. Senderani kuno ananu. Inunso akuluakulu musasinze, nkhaniyi ndi yanu.

Othyola tiyiyo anali nyama zing'onozing'ono. Kuthyola, kuyanika, kuthyola, kuyanika. Mwambo wake unali wakuti dzuwa likapendeka, aliyense ankatapa masamba dzanja limodzi n'kupita nawo kwawo. Masamba enieni, oti ukawaponya m'madzi otentha amatambasuka, fungo n'kukafika kwa aneba.

Mmodzi wa othyolawo anali Gologolo. Iyeyu anali ndi amayi ake okalamba, odwala, osadzuka pamphasa. Phala ankakana, mbatata ankakana. Chodutsa pammero pawo chinali tiyi basi.

Tsono Nguluwe, mimba ngati nkhokwe, zinkamuwawa kuona masamba akutuluka m'munda mwake. Anatenga tsache n'kusesa pansi pa chisakasa choyanikira. Fumbi la tiyi, mchenga, zitosi za nkhuku, zonse mulu umodzi. Anaitana Nungu, mmisiri wa singano, namuopseza kuti asokere zinyalalazo m'timatumba, kathumba kalikonse ndi kaulusi kake.

"Kuyambira lero masamba ayi," anatero Nguluwe pamaso pa onse. "Muzilandira timatumba. Timeneti ndiye ta thanzi! Masamba amatupitsa mimba. Ndizivutika nawo ndekha, kukupulumutsani inu."

Mwalimva bodzalo? Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwira! Kumubera munthu, kenaka n'kumuuza kuti azithokoza. Manyazi alibe!

Gologolo anakaviika kathumba m'kapu, napatsa amayi ake. Anangomwa kamodzi, khoso! khoso! Mchenga tsekeretsekere m'mano.

"Mwanawe, ndakulakwira chiyani kuti uzindipatsa madzi otsukira mbale?" Anakankha kapu, natembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo sanamwenso kanthu, maso anayamba kulowa.

Gologolo anathamangira kwa Nguluwe. "Bwana, amayi akutha. Ndipatseniko timasamba tochepa chabe."

"Choka apa! Amayi akowo ndi osayamika. Aviike tiwiri!"

Pobwerera anakumana ndi Nungu. Nunguyo anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kumunong'oneza zonse za m'timatumbamo. Gologolo anakwiya koopsa. Koma kuti amenyane ndi Nguluwe, ndi timanja take timeneto? Ayi. Anakhala pansi n'kuyamba kuganiza.

M'mphepete mwa njira ya kumunda munali chitsa chachikulu cha mbawa. Nguluwe anayesapo kale kuchizula, chinamukanika. Chimene iye sankadziwa n'chakuti chiswe chinali chitadya m'kati monse, kunangotsala khungwa. Gologolo ankadziwa, poti ankabisamo mtedza.

M'mawa mwake, Nguluwe akudutsa, Gologolo anaima pachitsapo, kathumba kali lende pakhosi.

"Iwe chitsa, wanditopetsa!" Kamwendo kamodzi, phwaa! Chitsa chonse fumbi kobo.

Nguluwe anathamangira pomwepo. "Iwe! Mphamvu zimenezo wazitenga kuti?"

"M'timatumba tanu, bwana! Munanenatu zoona. Amayi aja adzuka, akufunsa komwe amakhala Njati kuti akalimbane naye."

"Eetu," anavomereza Nungu, amene anali pomwepo ndi othyola ena. "Ine ndikuchita kuopa kuyetsemula, nyumba ingagwe."

Tamverani tsopano uchitsiru wake. Anasesa zinyalalazo ndi ndani? Iye yemwe! Anaona zitosi zija ndi maso ake ndi ndani? Iye yemwe! Koma wadyera sangapirire kuganiza kuti mnzake walandira chabwino. Mumtima anangoti, kani mphamvu za tiyi zimagwera pansi?

"Mbava inu!" anakuwa Nguluwe. "Mwakhala mukumwa mphamvu zanga, ine n'kumatafuna masamba ngati mbuzi! Bwezani timatumba tonse! Tengani masamba anuwo, chotsani m'chisakasa mwanga!"

"Chonde bwana," analira Gologolo, misozi yake youma, "masambatu amatupitsa mimba."

"Itupe!"

Nyama zinasenza madengu, zikulira mokweza, zikutsinana kuti zisaseke.

Nguluwe anakhuthulira timatumba tonse mumphika. Anawiritsa, namwa, gwede gwede gwede. Sanakhutire. Anameza ndi timatumba tomwe, maulusi ali lendelende kukamwa. M'mimba munayamba gudugudu. Iye ati ndiye mphamvuzo zikubwera. Anasankha mtengo wa mbawa wamoyo, anabwerera m'mbuyo, liwiro, gu! Mtengo uli chiimire. Mphuno yake phwatalala, mpaka lero. Mchenga uja unamukhala pakhosi, n'chifukwa chake salankhulanso, amangoti ngu, ngu, ngu.

Nthawi imeneyo Gologolo anali atafika kale kwawo. Madzi pamoto, masamba m'madzi, fungo m'nyumba monse. Amayi aja anagwedeza mphuno. Anatembenuka. Anadzikoka mpaka kutsamira khoma, nalandira kapu. Anamwa, anamwa, mpaka pansi pa kapu mbee.

"Mwanawe," anatero, "thiranso."

Kaphuleni ketulo pamoto, nthano yaphwera pomwepa. Ananu, wina akadzakupatsani chinthu chosokedwa n'kumalumbira kuti n'chokuthandizani, muyambe mwasuzumira m'kapu mwake muone chimene iye akumwa. Ndipo inu a Chikaonda, musandiyang'ane choncho. Kathumba kanuko mwakhala mukukaviika kuyambira dzana, kalekeni kapume!