Tambala wa pa Chinkhoswe cha Ndaziona

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwala, amayi a m'mudzi wina anamanga uvuni wa njerwa kuti aziphika masikono, phindu lake lizilera ana amasiye. Mmodzi mwa anawo anali Ndaziona.

Wokanda ufa anali Nangondo, mayi wa manja a zipsera zokhazokha. Ndaziona atatsala yekha, Nangondo anamutenga n'kumugoneka pamphasa imodzi ndi ana ake mpaka anakula.

A Kaphaizi ankapalasa njinga kukagulitsa masikonowo kumsika. Tsiku lina Ndaziona atakomoka ndi malungo, iwo anakhuthulira dengu lonse pansi, n'kumumangirira pakaliyala, ulendo wa kuchipatala. Magazi amene anamuika kumeneko anali awo.

Ndiye panali malume ake a Ndaziona, a Dzoole. Munthu wouma m'maso chonchija ine sindinamuonepo. Misozi ya maliro a mlongo wawo isanaume, anali atasasula kale malata, mbuzi atakusa. Chimene anachitako n'chimodzi basi: anabwereketsa kamalo pamene panamangidwa uvuniwo.

Ndaziona atapeza mwamuna, linafika tsiku la chinkhoswe. Akuchimuna anabwera ndi tambala woti alandire nkhoswe ya mkazi. Nangondo anangoona a Dzoole atulukira, jekete pathupi, manja atatambasula kale. Mtima wake unawira.

"A Dzoole, mukufuna kukolola posalima? Mwanayu akulira ndi njala, inu munali kuti?"

"Magazi ndi magazi, mayi. Ameneyu ndi mwana wa mlongo wanga."

"Ngati ndi magazi," anatero a Kaphaizi, "m'thupi mwakemo muli anga."

A Dzoole anaseka. "Chabwino, landirani. Koma mawa uvuni wanuwo muuphwasule. Pamalo pangapo ndidzalapo fodya."

Nangondo anacheuka. Ana amasiye ena anali ataunjikana pauvunipo, kudikira zopserera monga mwa masiku onse. Ndaziona anamugwira chitenje n'kunong'ona, "Amayi, alandire aliyense, koma osati amene anandigoneka pamtetete."

Tambala anali akupalapata m'manja mwa akuchimuna, ndipo iwo anali atayamba kuyang'ana njira yobwerera kwawo.

Tsono inu mwakhala chete apa, weruzani. Tambalayo alandire ndani: amene analera, amene anapulumutsa moyo, kapena wolanda uja, mwini nthaka imene ikudyetsa ana enawo?