Mlenje Amene Anayamba Wadikira Abakha

Panali munthu wina amene ankakhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kuja madzi ake ndi amchere. Dzinja ankalima mpunga. Nyengo yozizira ikafika ankatchera miono, ndipo nsomba zikasowa ankasaka abakha a m'madzi ndi mfuti yake ya gogodela, ija yothira onga. Sanali munthu woipa. Ankapereka moni kwa aliyense, ndipo kumaliro sankajomba.

Chaka china mwera unawomba masabata atatu osaleka. Miono ankangoivuula yopanda kanthu. Kunyumba ana ake anayi ankagonera chinangwa chophika, tsiku lina osachiona n'komwe. Onga umene unatsala unali wowombera kamodzi kokha.

M'mawa wina anapalasa bwato lake mpaka pamalo pamene nyanja imalowerera kumtunda, nabisala m'bango. Kunali nkhungu. Zala zake zinachita dzanzi, koma anakhala chete, mfuti ili pamaondo. Dzuwa litakwera pang'ono, gulu lalikulu la abakha linatulukira n'kuyamba kuzungulira pamwamba pake.

Nthawi yomweyo anamva mawu a munthu kuchokera kumadzi akuya.

"Mayo ine! Thandizeni! Ndikufa kuno!"

Mlenjeyo anagwira nkhafi, kenaka anaiikanso pansi. Mumtima anati, "Ndikangotuluka muno, abakhawa apita. Kapena alipo ena amene amumva. Ndiwombe kaye, ndipita."

Koma abakha sanatere msanga. Anazungulira, nazunguliranso, natera patali pamene mfuti sikanafika. Anayamba kusambira pang'onopang'ono kulowera kumene iye anali, akudya. Mawu aja anamvekanso kachiwiri. Mlenjeyo anatsinzina. Atamveka kachitatu anali atachepa, ngati a munthu wolankhula kutulo. Kenaka kunali zii.

Apo abakha anafika pafupi. Anawomba, ndipo anagwa asanu ndi mmodzi. Anatola onse. Mmodzi anali wothyoka phiko, ndipo anamuthamangitsa m'bangomo mpaka anamugwira. Atatero m'pamene analoza bwato kumene kunachokera mawu kuja, napalasa ndi mphamvu zake zonse.

Anapeza bwato logudubuzika. Msodzi wina wachikulire, amene iye sankamudziwa, anali atalikakamira ndi mkono umodzi, mwendo utakodwa mu ukonde wake womwe. Milomo inali itatuwa, ndipo thupi linali litasiya kunjenjemera. Mlenjeyo anadula ukondewo ndi mpeni, namukokera m'bwato mwake, namugoneka pambali pa abakha aja, namufunditsa jekete lake.

Msodziyo anatsegula maso. Anati, "Zikomo, achimwene. Ndimadziwa ine kuti alipo amene wandimva. Ndimadziuza kuti ndigwiritse, akubwera."

Sanalankhulenso. Pamene bwato linkagunda padoko anali atatsirizika.

Anthu anasonkhana, ndipo ena anamuzindikira womwalirayo kuti ndi wa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Onse anamuyamikira mlenjeyo. Ankati, "Mphepo imeneyi wina akanaopa. Koma awa anapita." Pa tsiku loika maliro, wolankhula m'malo mwa banja anamuimiritsa pakati pa khamu kuti anthu amuone.

Anthu atabwerako kumanda, mkazi wamasiye anadza nagwada patsogolo pake.

"Bambo, pakanapanda inu tikanalira maliro opanda mtembo," anatero. "Ndiuzeni chimodzi chokha. Anzangawo ananenapo kanthu asanatisiye?"

Mlenjeyo anayang'ana pansi. Mawu oona anafika pakhosi: kuti anamva kukuwa katatu, kuti anakhala, kuti anathamangitsa bakha wothyoka phiko. Koma anthu anali atamuzungulira, nkhope zawo zodzala ndi ulemu.

Anayankha kuti, "Anati ankadziwa kuti wina wawamva."

Mayiyo analira, komabe anati, "Basi mtima wanga wakhala pansi. Sanafe okha ngati nyama. Mulungu akudalitseni, bambo."

Abakha aja ana anadya masiku atatu, nakhuta. Iye sanalawe. Mkazi wake atamufunsa, anangoti m'mimba simuli bwino.

Munthuyo anakhala zaka zambiri pambuyo pake. M'mudzi ankamutcha wachifundo. Makolo ankalozera ana awo kuti adzakhale ngati iye. Chaka chilichonse mayi wamasiye uja ankamutumizira lichero la mpunga woyamba kucha, ndipo iye ankalandira ndi manja awiri, chifukwa kukana kukanafuna kufotokoza. Nyengo yozizira ikafika ankapitabe kunyanja, poti ana amafuna kudya, koma mphepo ikalira m'bango ankaleka kupalasa n'kutchera khutu. Kawirikawiri ankapita kumadzi akuya kukafuna munthu amene kunalibe.

Anadzaulula atakalamba, ali gone pamphasa, kwa mwana wake wamkulu. Nthawi imeneyo mayi uja anali atamwalira kale, ndipo panalibenso munthu womupepesa.

Tsono inu amene mukundimvera, taonani kuti munthuyu sanakane kuthandiza. Sananene kuti ayi. Anangoti kaye. Ndipo chifukwa chake chinali chomveka, pakuti njala ya ana si nthabwala. Ambiri a ife sitidzakankhira munthu m'madzi. Koma alipo amene anakuitanani kale kamodzi: mayi anu odwala kumudzi, mnzanu amene munamulakwira, mwana wa mlongo wanu amene wasiya sukulu. Munamva. Mukuti mumalize kaye chimene mwagwiracho. Iye akudziuza kuti agwiritse, chifukwa mukubwera. Nyamukani lero, mawu ake akadamveka.