Mangulenje ndi Khoma la Mwaye

Panali munthu wina wa ku Chiradzulu, dzina lake Mangulenje, mmisiri wopaka nyumba utoto. Munthu ameneyu ankadana ndi banga pakhoma. Akaona mng'alu, msangamsanga simenti. Akaona mwaye, laimu. Ngakhale mitengo ya mango ya pabwalo pake inkavala zoyera mpaka m'chiuno, moti anthu ankati ukaima nthawi yaitali pakhomo pa Mangulenje, nawenso akupaka.

Koma panali chinthu china chimene iye ankachiyesa banga, ndipo laimu wa m'sitolo sankachitha. Mwana wake wamkazi, Elube, anatenga pakati ali pasukulu, mnyamatayo n'kuthawira ku Joni. Kunabadwa kamtsikana, Yankho. Musaganize kuti Mangulenje ankadana nako, ayi. Ankakabereka kumsana, mandasi osaiwala akamachokera kuntchito. Koma kukabwera alendo ankati, "Uyu ndi mzime wathu." Mukamufunsa chifukwa chake, ankangoti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo.

Elube anabwerera kusukulu, naphunzira unamwino, napeza ntchito ku Jeremani. Kumeneko anapezanso mwamuna, ndipo ukwati utayandikira anaitana makolo ake. Mayi ake anakanitsitsa. "Ine ndege ayi. Mapazi angawa sachoka pansi." Choncho Mangulenje ananyamuka ndi Yankho, amene tsopano anali wa Sitandade 4.

Ali m'ndege anamulangiza mwanayo. "Tikafika kwa eni ake, ine ndine bambo ako, amayi akowo uziwatcha achemwali. Wamva?"

Yankho anagwedeza mutu.

Atafika ku Jeremani, Elube anamva lamuloli nadandaula. "Bambo, mwamuna wanga akudziwa zonse."

"Iyeyo adziwe. Koma asewere anga asamve, ndipo umuuze asunge pakamwa. Ukufuna atiseke kuno kuchilendo?"

Elube anagonja, poti bambo ndi bambo. Koma amene anavutika ndi mwana. Anali atawasowa amayi ake nthawi yaitali, ndipo mawu oti "amayi" ankafika pamlomo penipeni, iye n'kuwabweza. Oti "achemwali" nawo ankakana kutuluka. Mapeto ake anangosiya kuitana. Akafuna kanthu ankangokoka diresi la Elube ngati mwana wosalankhula. Zinali zomvetsa chisoni, koma Mangulenje ankayang'ana kumbali.

Tsono kumeneko ukwati amakamangitsa kuholo ya tauni, nyumba imene akuluakulu a mzinda amakumaniramo. Kutatsala pang'ono tsikulo, bambo a mkamwini anati, "Tiyeni mukaione." Bambo amenewa dzina lawo linali a Otto, nkhalamba yadazi, yoseka ndi mimba yomwe. Chichewa sankachidziwa, Mangulenje naye Chijeremani anali mbuli, ndiye womasulira anali Elube.

Nyumbayo, abale, inali nyumba! Nsanja yake kutalika, pamwamba pali wotchi yaikulu ngati lichero la chimphona, mawindo ndandanda, nkhunda zili yakaliyakali pabwalo. Mangulenje anavula chipewa, kukamwa kuli yasa. Koma maso a mmisiri sakhalitsa kumwamba. Atatsikira m'munsi, nkhope yake inasintha. Khoma lakumaso, kuyambira pansi mpaka m'mapewa mwa munthu, linali la miyala yakuda bii, ina yobenthuka. Pamwamba pake m'pamene panayambira miyala yoyera.

Ananyowetsa chala ndi malovu, napukuta mwala umodzi. Osachoka. Anatulutsa kampango, nakhula mwamphamvu. Osachoka.

"Ha! Azungu ndi chuma chonsechi, kulephera thumba la laimu? Mwana wanga akwatiwire pakhoma ngati la kukhitchini? Elube, auze andipezere ndowa, burashi ndi laimu. Dzuwa lisanapendeke khomali likhala mbuu ngati ufa woyera. Ndi mphatso yanga ya ukwati imeneyo."

"Bambo, nyumba ya mwini saotchera mbatata."

"Ndati auze!"

Elube anawauza. A Otto anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee, atagwira phewa la Mangulenje kuti asagwe. "Asewere, mukangoyerekeza kupaka, apolisi akunyamulani, ndipo ukwati tikadyera kundende."

Kenaka anamulowetsa m'kati, namuonetsa chithunzi chakale chimene chinali pakhoma. Pachithunzipo panalibe nsanja, panalibe denga. Panali mulu wa miyala ndi kachigawo ka khoma kataima kokha.

"Nyumba yomwe ino," anatero a Otto. "Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ija ndege zinaponya mabomba, mzinda wonse n'kupsa. Nkhondo itatha, anthu anafukula mulu umenewu ndi manja, kusankha miyala imene inali ikadali yolimba. Ine ndinali kamnyamata, ntchito yanga inali kugogoda dothi lakale ndi kahamala. Ena ankati miyala yopsayi tikataye kumtsinje, timange zoti munthu asadzadziwe kuti pano panapsa. Ena anakana, ndipo okanawo anapambana."

"Osachita manyazi?" anafunsa Mangulenje.

Apa a Otto sanaseke. "Manyazi alipo, aakulu. Moto umenewo sunangotigwera, nkhondoyo anaiputa ndi anthu a dziko lathu lomwe lino. N'chifukwa chake sitibisa, kuti ana athu aziona. Komanso tayang'anitsitsani, inu mmisiri. Nsanja yonse ija mumaisirira yakhala pa chiyani? Mukachotsa miyala yakudayo, yoyera igwa. Akwati onse a mumzinda muno amajambulitsa atatsamira khoma limenelo."

Mangulenje anamuyang'ana Elube ndi diso lokayika. "Iwe, zonsezi anena ndi iwowa, kapena ukuthirako mchere?"

"Sindinathireko kanthu, bambo."

Atatuluka, a Otto anatulutsa foni. "Tiyeserere chithunzi cha ukwati. Mkwatibwi ndi bambo ake, imani apo." Elube anaima pakhoma lakudalo, Mangulenje pambali pake. Yankho sanadikire kuuzidwa. Anasuntha yekha, nakaima chapatali, manja kumbuyo, akuyang'ana nsapato zake.

Mangulenje anamuona mwanayo, ndipo mtima unamupweteka. Anakumbukira tsiku limene Elube anabwerera kusukulu, anzake akumuseka, iye akuti, "Ndiphunzira kuti mwana wanga asadzavutike." Unamwino uja unachokera pamenepo. Ulendo wa ku Jeremani unachokera pamenepo. Malata a nyumba yake ku Chiradzulu, ngakhale jekete limene anavala tsikulo, zonse zinakhala pa kamwana kamene iye anakaimika kumbali.

"Dikirani," anatero.

Anapita, namugwira Yankho padzanja, nabwera naye pamaso pa a Otto. Anavulanso chipewa.

"Elube, masulira, ndipo usachotseko mchere. Asewere, ndinakunamizani. Uyu si mzime wanga. Ndi mdzukulu wanga, mwana woyamba wa mkwatibwi wanuyu. Amene anamupaka laimu ndine."

Elube anamasulira zonse mpaka anamaliza. Mangulenje anaweramitsa mutu, kudikira kuti thambo limugwere.

A Otto anamenya m'manja. "Mwachedwatu, asewere! Ine ndine wokalamba, koma sindine wakhungu. Mwana sayang'ana mkulu wake mmene uyu ankamuyang'anira Elube pabwalo la ndege paja. Njinga yake ndinagula kale, ili kuseri kwa nyumba. Ndimangodikira kuti mdzukulu wanga mundipatsa liti."

 Masiku onsewa Mangulenje ankatuluka thukuta kulondera chinsinsi chimene mwini mudzi anali atachigulira kale njinga!

Yankho anakoka jekete la agogo ake, nanong'ona. "Agogo, ndinene?"

"Nena, mwana wanga."

"Amayi!"

Anakuwa ndi mphamvu zonse zimene anasunga chifikire, moti nkhunda zonse za pabwalopo zinauluka. Elube anagwada pansi, diresi osalisamala, namukumbatira. Chithunzi chimene a Otto anajambula chinatuluka chopendekeka, poti wojambulayo ankaseka uku akulira. Koma ndi chomwecho chimene Mangulenje anakachipachika pabalaza ku Chiradzulu, ndipo mlendo aliyense ankamukokera pomwepo asanakhale n'komwe pansi: "Uyu ndi mwana wanga, uyu ndi mwana wake."

Tsono inu mukundimveranu, ndikudziwa kuti ambiri tili ndi ndowa ya laimu kuseri kwa chitseko. M'nyumba zathu muli pena pamene panapsa, ndipo timapaka, timapakanso, kuopa pakamwa pa anthu. Anthuwotu anaona kale. Amene akuvutika ndi uja mwamuimika kumbali, manja kumbuyo, akudikira kuti mumutchule dzina lake lenileni. Mukafika kunyumba lero, tulani burashiyo, mukamugwire padzanja, mumuimike pakati.