Mfundo Imodzi, Maufa Awiri

Panali mayi wina wa ana awiri amene akapita kumsika ankamanga zogula zake pansonga za chitenje. Mchere unali ndi mfundo yake, machesi mfundo yake. Aliyense wa pakhomo pake ankadziwa kuti ukamasula mfundo imodzi, upezamo chinthu chimodzi.

Tsiku lina, makoswe atamutopetsa, anagula mankhwala owaphera, ufa woyera wa m'kapulasitiki. Anagulanso soda wophikira therere, nayenso woyera, m'kapulasitiki kofanana. Mvula inayamba kudontha, ndipo iye anali asanagayitse chimanga. Pofulumira anamanga maufa onse awiri pamfundo imodzi. Mumtima anati, "Mwini wakene ndikuwadziwa."

Panjira anakumana ndi mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, akulowera kunyumba. Anamupatsira chitenje chija.

"Alamu, tsogolani mukawaphikire ana therere. Soda ali pamfundopo."

Kuchigayo mzere unali wautali. Chimanga chake chitangolowa, mawu ake omwe aja anamubwerera m'makutu. Anasiya thumba pomwepo n'kuthamanga mvula ili pamsana.

Anapeza ana ali pakhonde akunyambita zala, mbale zili mbee.

"Alamu, mwathira uti?"

"Uti bwanji? Si munati soda ali pamfundo? Ndatenga kamene kanali pamwamba, kotsalako ndayesa n'kamawa. Koma soda wanu wa masiku anoyu ndi waulesi ngati achimwene anga. Therere lachedwa kufewa."

Mayi uja anathamangira m'nyumba. Kapulasitiki kotsala kanali pawindo, kopanda dzina, kopanda fungo. Chipatala chinali tsidya lina la mtsinje, ndipo mtsinjewo unali utadzaza. Mwana wamng'ono anayasamula n'kutikita m'maso. Kaya kunali kukhuta, kaya chinali chiyambi cha zina, palibe akanadziwa.

Mayiyo anang'amba kapulasitiki kaja, natapa pang'ono ndi chala. Soda ankamudziwa mmene amamvekera mkamwa. Akamumva pa lilime, ndiye kuti ana ake adya chiphe. Choncho anatsinzina napemphera kuti, "Ambuye, ichi chikhale chiphe." Kenako ananyambita.

Chinali chiphe. Milomo inachita dzanzi, analavula, anasanza mpaka dzuwa kupendeka, mlamu wake akumuthira madzi kumutu uku akulira. Iye maso anali pa ana, amene ankasewera m'matope osadziwa kanthu. Anachira. Koma mpaka lero akamva fungo la therere, amachokapo.

Achimwene, nkhaniyi ndakuuzani chifukwa dzulo munandiwerengera ndime ya zimene mukulemba za kafukufuku wanu wa madzi a m'zitsime za kuno. Ndime ija inayamba ndi kuya kwa zitsime, inapita ku mvula, inatchula zitsime zamadzi abwino, ndipo pakatikati m'pamene ndinamva kuti chitsime china chili ndi tizilombo totsegula m'mimba. Nditafunsa kuti ndi chiti, munati, "Ine ndikuchidziwa." Mayi uja ananenanso chimodzimodzi.

Pepala likachoka m'manja mwanu, inu mwatsala kuchigayo. Wowerenga sadzakufunsani. Adzatenga chimene chili pamwamba, n'kukachigwiritsa ntchito pa anthu.

Makolo sanalakwitse potchula ganizo kuti mfundo. Ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi. Chiganizo choyamba chinene poyera chimene mwamangamo, ndipo zotsatirazo zikhale umboni wa chomwecho basi. China chikabwera, mangani mfundo ina. Makamaka musamange pamodzi zimene mwapeza ndi zimene mukungoganizira, chifukwa papepala zimaoneka zofanana ngati maufa aja.

Bwererani ku ndime ija, muimasule. Chitsime choipacho chikhale ndi ndime yakeyake, dzina lake lili kutsogolo. Mwana wangayu amamwa madzi a kumeneko, ndipo sindikudziwabe kuti mawa ndikatunge pati.