Mpanda wa Kafanikhale wopanda chipata

"Polowera m'nyumba timati khomo. Nanga bwanji polowera kumpanda timati chipata?" Anafunsa choncho mwana wina pakhonde. Malume ake, a Gwaza, anaika pansi nsungwi yomwe ankasenda, nayamba kusimba.

Kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe, m'mudzi mwathu muno munali mkamwini wina dzina lake Kafanikhale. Wamantha ngati ameneyo simunamuonepo. Fisi ankamuopa, mkango ankauopa, ngakhale tonde wa mnzake ankamuopa. Mkazi wake Nangozo ataima, mantha aja anawirikiza. Anadula mitengo n'kuzinga nyumba yonse ndi mpanda wautali, osasiya polowera ngakhale nkhuku. Eni ake ankakwera pa makwerero, akalowa n'kuwakokera m'kati.

"Bambo, mwatitsekera ngati chimanga m'nkhokwe," ankatero Nangozo.

"Cha m'nkhokwe nyani sachigwira, mayi."

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, nthawi ya Nangozo inakwana. Kafanikhale anathamanga kukaitana azamba, a Nasoko, mayi wonenepa, wa nyamakazi m'mawondo. Atafika anayang'ana makwerero, n'kuyang'ana Kafanikhale.

"Iwe, ukundiyesa gologolo?"

M'katimo Nangozo akubuula. Mukanakhala inu mukanatani? Kafanikhale anazula mtengo umodzi. "Mpata uwo amayi, lowani."

"Umenewu ndi wa mphaka. Zula."

Anazula wina.

"Zula."

Anazula winanso.

"Zulabe, kumbuyoku kukubwera anzanga ndi mitsuko pamutu."

Anazula thukuta lili kamukamu, mpaka mpata uja unakula woti anthu awiri n'kudutsa atagwirana manja. Azamba analowa, ndipo dzuwa lisanapendeke nthungululu inamveka: mwana wamkazi, wamoyo, amake ali bwino. Mudzi wonse unalowera pomwepo, wina ndi nkhuni, wina ndi ufa, wina ndi nyimbo chabe. Kafanikhale atatola mitengo ija kuti aibwezere, Nangozo anayankhula ali pamphasa: "Tsekani, koma inuyo mutsale kunjako. Kuno n'kwathu." Kafanikhale anaiponya pansi mitengo ija, mpata uja n'kuusiya chomwecho.

Pabanja pathu pano amati chipata ndi chimenecho: mpata waukulu wosiyidwa dala, wodutsa anthu ndi ziweto. N'chifukwa chake timati chipata cha khola, chipata cha mudzi, ngakhale chipata cha pakati pa mapiri.

Tsono ana anga, kuopera mwana si kulakwa, mpanda mangani. Koma mpanda sulera mwana, amalera ndi anthu. Chonde, mukamamanga wanu, siyani chipata chotakata.