Anagwetsa Nyumba ya Nangondo Ndani?

Kalekale, koma osati kale lija la makolo ayi, kale la dzanadzanali anthu ali kale ndi mafoni m'manja, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nangondo. Nyumba yake inali kuseri kwa mpanda wa yunivesite, kuja amaphunzira ana aja amati akamaliza amavala mikanjo yakuda ngati akukaweruza milandu. Inali nyumba ya zidina, yofolera udzu, zipinda ziwiri. Kukongola sinali yokongola, koma inali isanamudontherepo pamutu ngakhale tsiku limodzi.

Sinkadontha chifukwa mwiniwake ankadziwa nthawi. Mwezi wa Juni udzu ukakhwima, Nangondo ankatenga chikwakwa n'kukwera kuphiri. Mtolo umodzi lero, wina mawa, msana ukuwawa, mpaka mitolo itaunjikana kuseri kwa nyumba kutalika ngati munthu woimirira. Ikafika Okutobala ankabwera mkamwini wake, a Malizani, mwamuna wa mwana wake Esinati, luzi lili paphewa. Mkamwini ndi apongozi sayang'anizana m'maso, mukudziwa inu. A Malizani ankanjuta patali n'kupereka moni akuyang'ana nkhuku, Nangondo n'kuyankha akuyang'ana mtondo, kenako iyeyo n'kunyamula khasu ulendo wa kudimba. Pobwerako ankapeza denga latsopano. Zaka khumi ndi ziwiri zinayenda choncho, popanda woimba m'manja, popanda wojambula chithunzi.

Ndiye kuyunivesite kuja ana anali ndi timagulu tawo, ati makalabu. Ati othandiza anthu ovutika. Kalabu iliyonse ndi matisheti ake, ndi nyimbo yake, ndi mtsogoleri wake wodziwa kulankhula. Tsiku lina anasuzumira pampanda, anaona denga la udzu, basi n'kugwirizana kuti ovutika aja timawafuna ndi awa.

Oyamba kufika anali a kalabu ya ukhondo, matisheti obiriwira, wowatsogolera mtsikana dzina lake Upile. Linali Loweruka, kumayambiriro kwa Okutobala, Nangondo ali kumaliro mudzi wina. Kodi munthu wolera bwino amalowa pakhomo mwiniwake kulibe? Iwo analowa. Anasesa bwalo mpaka kulikanda, anazula ndi bonongwe amene ankamera kumene kumatsikira madzi a kubafa. Atazungulira kuseri anapeza mitolo ija.

"Eee, zinyalala zonsezi?" anatero Upile. "Munthu wamkulu kumagona pafupi ndi zimenezi? Muno ndiye mobisala njoka."

Anaikokera pakati pa bwalo, machesi khwee. Tsoka lake mumitolo muja munatulukadi mphiri, n'kuipha, ndiye anadziona ngati madokotala. Nangondo pobwera kumaliro anapeza phulusa likufuka, ana atandanda pamzere ndi matsache, wina akuwajambula.

"Agogo, takudabwitsanitu!" anatero Upile, mano onse pamtunda. "Taonani mphiri tapha. Ikanakulumani imeneyi."

"Udzu wanga uli kuti?"

"Zinyalala zija? Tawotcha, agogo. Musavutike n'kuthokoza, ndi ntchito yathu."

Nangondo anayang'ana phulusa lija. Miyezi iwiri ya msana wake inali pamenepo.

"Iwe mwana, kwanu nyumba mumafolera ndi chiyani?"

"Ndi malata, agogo."

"Ndaona."

Nanga Okutobala udzu ungaupeze kuti, tchire lonse litapsa? Nangondo anatumiza mawu kwa Esinati. Yankho la a Malizani linabwera lofatsa: "Auzeni amayi asadandaule. Ndiyenda mwa abale kupempha totsala, mtolo kuno mtolo uko. Denga lakalelo ndikaliphatika likhoza kupirira chaka china." Mtima wa Nangondo unakhalako pansi.

Achiwiri kufika anali a kalabu ya zomangamanga, zipewa zolimba zachikasu kumutu ngati akulowa mumgodi, pamene akulowa pabwalo la nkhuku. Wowatsogolera anali mnyamata wamtali dzina lake Wongani. Anali atamva zimene anachita anzawo aja, ndiye ati abwera kudzakonza. Anazungulira nyumba ndi chingwe choyezera, wina akulemba m'kabuku.

"Agogo, udzu ndi zachikale," anatero Wongani. "Ife tikuikirani malata."

"Malatawo ali kuti?"

"Akubwera."

"Abwere kaye, musasule pambuyo."

"Agogo, sitingayeze makoma bwinobwino denga lili pomwepo. Onaninso mapasowa, chiswe chadya. Tsiku lina adzakugwerani."

Za mapaso sankanama, awiri anali atafumbwadi. Kenako anatulutsa pepala lochokera kwa mwini sitolo wina m'tauni, ati walonjeza malata. Nangondo kuwerenga sankadziwa, koma chidindo anachiona, chofiirira, chozungulira bwino. Ndipo tinene zoona, ndani safuna kumva mvula ikulira pamalata ake asanafe? Anaganiza za akazi anzake a kumpingo akudutsa pamsewu n'kucheuka. Anavomera.

Kusasula anasasula tsiku limodzi, akuimba. Pakugwetsa zinthu ana amenewa ndi akatswiri. Udzu wakale anauponya pansi n'kuupondaponda, mapaso abwino ndi ofumbwa omwe anawathyolera pamodzi. Pamwamba anayalapo kapepala ka pulasitiki n'kutsindira ndi miyala inayi.

"Lolemba tabwera ndi malata, agogo."

Lolemba linafika, ana zii. Lachiwiri zii. Lachisanu kapepala kaja mphepo inakatenga n'kukakakoleka mumtengo wa mango. Nangondo anapita kugeti ya yunivesite, n'kupeza mlonda atakhala pampando.

"Ndikufuna mwana wina, Wongani."

"Mayi, ana ali pamayeso. Sabata zitatu. Musawasokoneze."

"Nanga mvula nayo ili pamayeso?"

Mlonda anangoseka n'kutseka geti. Kuyambira tsiku limenelo Nangondo ankati akadzuka m'mawa, choyamba kuona ndi mitambo, ali chigonere pamphasa.

Achitatu kufika anali a kalabu ya ufulu, matisheti ofiira, wowatsogolera mtsikana wa magalasi dzina lake Mwandida. Amenewa sanabwere ndi tsache kapena nyundo. Manja lendee, foni basi. Anapeza Nangondo atakhala m'kati mwa makoma opanda denga, dzuwa likumuwotcha paliwombo. Mwandida anagwetsa misozi, yeniyeni ndithu, mpaka kuvula magalasi.

"Agogo, ana anu ali kuti?"

"Mwana wanga Esinati ali kubanja kwake, kutsidya kwa mtsinje."

"Ndiye akutayani chonchi?"

"Ayi, mkamwini wanga a Malizani ndi amene..."

"A Malizani. Lembani dzinalo," anatero Mwandida kwa anzake. "Agogo, musaope. Musawabisire. Muli ndi ufulu."

"Ndikuti denga anasasula ndi anzanu omwewa a zipewa."

Koma pamenepo n'kuti atatembenuka kale, akusankha mbali yabwino yojambulira. Munthu wobwera ndi yankho lake m'thumba samva zimene ukunena. Patapita masiku awiri nkhani inali pawailesi: nkhalamba yatayidwa ndi ana ake, ikugona pamtetete, mkamwini wake akudya bwino kutsidya. Anatchula mudzi, anatchula maina.

Tsiku lomwelo a Malizani anali panjira ndi ngolo yobwereka. Anali atamva kuti denga lasasulidwa, ndiye anayenda makomo asanu ndi awiri kupempha udzu, anadula nsungwi ndi mitengo ya mapaso, anasenda luzi. Atafika pamsika anaima kuti ng'ombe zimwe madzi, wailesi ya m'golosale ikulankhula. Amuna osewera bawo pakhonde anasiya bawo.

"A Malizani! Mwatchukatu lero! Apongozi mwawagoneka panja eti?"

"Udzuwo mukupita nawo kuti, bwana? Mwayamba kuthamanga wailesi itakunenani?"

A Malizani anangotembenuza ng'ombe. Madzulo ake Esinati anabwera yekha, maso atatupa, n'kuima pabwalo osakhala pansi.

"Amayi, mwatiyalutsa dziko lonse. Akumpingo atiitana. Bambo a kunyumba akuti popeza munapita nawo kuwailesi, akufolereni a wailesi omwewo."

"Mwana wanga, ine sindinanene zimenezo."

"Nanga dzina lawo analitola pansi?"

Anachoka osatsanzika.

Tisaname, wailesi ija inabala kanthu. Munthu wina wachifundo m'tauni anamva, n'kutumiza galimoto kudzatsitsa malata khumi ndi awiri pabwalo la Nangondo. Malata okhaokha. Msomali ngakhale umodzi panalibe, mtengo panalibe, mmisiri panalibe. Ana aja mayeso atatha anakwera mabasi ulendo kwawo kutchuthi. Anthu a m'mudzi aliyense anali kumunda kwake kuthamangitsana ndi mizere, ndipo amene Nangondo anawapempha anangoti, "Inu si muli ndi a yunivesite anu?"

Mvula inabwera Disembala, ya masiku atatu osakata. Nangondo anakulunga mphasa, anatenga miphika, n'kukapempha malo m'khitchini mwa neba. Zidina zikamwa madzi zimabwerera kudothi kumene zinachokera. Tsiku lachitatu masana, ali chiimire pakhonde la neba, anaona khoma la kuchipinda chake likupendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera, kenako khuu! Linzake linatsatira. Nyumba imene anaumbira zidina ndi malemu mwamuna wake inasanduka chulu cha matope. Malata aja ali pambali, waliwali, osapindika ngakhale limodzi.

Sukulu itatsegulira mu Januwale, Nangondo anamanga chitenje chake cha kumpingo, anavala duku, n'kupita kugeti. Ulendo uno mlonda atamuyang'ana kumaso sanafunse kanthu. Anamulozera ofesi ya mayi woyang'anira ana a sukulu, Mayi Kachingwe. Mayiyo anamvetsera nkhani yonse, n'kuitanitsa atatu aja. Anabwera atanenepa ndi zakudya za Khirisimasi, n'kukhala pabenchi moyang'anizana ndi Nangondo.

Upile anayamba. "Ine udzu ndinawotcha, sindikukana, ndipo agogo pepani. Koma denga ndinalisiya lili pamwamba. Likanakhala pomwepo, akamwini anu aja akanaliphatika. Nyumba sigwa chifukwa chosesa bwalo."

Wongani anati, "Ine ndikanasasuliranji udzu watsopano ukanakhalapo? Ndinapita kukakonza zimene anawononga awa. Mayeso sindinaike ndine. Komanso mkamwini uja anali panjira ndi ngolo yodzaza, nyumba ikanafoleredwa mvula isanagwe. Anamubweza ndani?"

Mwandida anakonza magalasi. "Ine sindinakhudze ngakhale kaudzu kamodzi. Ndinapeza munthu wamkulu ali pamtetete, ndinalankhula. Mumafuna ndikhale chete? Malata ali pakhomopo anabwera chifukwa cha pakamwa pangapa."

"Pakamwa pakopo pandichotsera mkamwini," anatero Nangondo. "Malatawo ndifunde?"

Mayi Kachingwe anapinda manja patebulo.

"Mayi, pepani kwambiri. Lamulo lathu kuno ndi lakuti kalabu yolakwa ndi imene imakonza. Tchulani imodzi imene mukuti ndiyo yagwetsa nyumba yanu. Imeneyo ibwera Loweruka, ana onse makumi atatu, kudzakumangirani ina."

"Abwerenso? Pakhomo panga?"

"Eya."

"Bwanji osangondipezera mmisiri mmodzi wodziwa ntchito?"

"Zimenezo sizili m'ndondomeko yathu. Pamafunika ana aphunzirepo kanthu. Mukapanda kutchula ndiye kuti palibe wolakwa, nkhani yathera pompano."

Pamenepo taonani zodabwitsa. Ana aja amakana mlandu posachedwapa, atangomva zoti pali ntchito yomanga nyumba ya nkhalamba, nkhope zinawala. Upile anasendera kutsogolo kwa benchi.

"Agogo, kunena zoona, zonse zinayamba ndi ife."

"Ayi, anasasula ndife," anatero Wongani. "Tili kale ndi miyezo yake."

"Agogo, tisankheni ife," anatero Mwandida, foni ili kale m'manja. "Tidzaitananso a wailesi."

Nangondo anawayang'ana mmodzimmodzi. Kunja kunkachita mdima wa mvula ina. Kwa neba kuja mayi wa pakhomo anali atayamba kale kuika miphika pansi mwamphamvu akamuona, ndipo m'khitchini muja ankagona ndi nkhuku. Nyumba ankaifuna, lero lomwe. Mayi Kachingwe anatsegula cholembera n'kudikira dzina.

Tsono inu mwakhala duu apa ngati simunalandireko alendo a matisheti kwanu, ndithandizeni mlanduwu. Pali wowotcha udzu, pali wosasula denga, pali wobweza mkamwini panjira. Pa atatuwa anagwetsa nyumba ya Nangondo ndani, woti mayiyu amutchule ndi pakamwa pake, n'kumutseguliranso pakhomo Loweruka likubwerali?